Mwamuna wa Ulusi ndi Guluu

4 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga amene akukuwerengerani kalatayi? Alamu, chonde werengani zonse, musadumphe monga munachitira ulendo watha. Ine ndili bwino, kupatula mutu ndi chikumbumtima.

Nkhani ndi iyi. Pali munthu. Ndi kalipentala, timapemphera mpingo umodzi, ndipo shedi yawo ili kuseri kwa shopu ya fotokope imene ndimagwirako ntchito. Andifunsira. Ndiulule kuti anandifunsira mu Januwale, ndipo miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikukubisirani. Ndinawauza kuti sindingavomere popanda mawu anu, pakuti chimwalirireni amayi mwandilera ndinu, ndipo sukulu ndinaitsiriza chifukwa cha mipando imene zala zanu zinaluka. Mukakana inu, ndakana ine.

Anzanga zikatere amatumiza chithunzi kwawo. Koma poti inu munabadwa osaona, chithunzi kwa inu ndi pepala loterera basi. Ndiye ndapanga nzeru. Ndinakulitsa chithunzi chawo pa makina, ndinachiika pa katoni ndi pepala la kaboni pakati, n'kutsata mizere yonse ndi cholembera. Kenako pa mzere uliwonse ndinamatapo ulusi ndi guluu. Zanditengera nthawi ya nkhomaliro ya masiku anayi. Sindinasiye mzere ngakhale umodzi, kuti ndisakubereni kanthu kamene maso akuona.

Apa aima pakhomo pa shedi yawo, pambali pa tebulo limene anapanga okha. Apapaseni bwino, mundiuze maganizo anu.

Ndiululenso kuti katoni ndi guluu ndi za abwana. Ndinawauza, ndipo anangoti palibe kanthu, koma ndinawauza nditatenga kale.

Ine mlongo wanu,
Mzime


15 Malichi

Iwe Mzime,

Tili bwino, kaya iwe. Akulemba ndi alamu ako, wolankhula ndine.

Munthu wako wafika. Ndamupapasa masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, ndipo ndapeza izi.

Ali ndi khutu limodzi. Ndafunafuna linalo mpaka kuseri kwa katoni, kulibe. Pamutu pake pamera nyanga yaitali yowongoka, ndipo pamwamba pa nyangayo pachoka zingwe ziwiri zopita kumphepete. Dzanja lake lamanja ndi lalikulu kuposa mutu. Chitseko cha shedi yake ndi chaching'ono kuposa dzanjalo, moti sindikudziwa kuti m'mawa amalowa bwanji. Kumapazi kwake kwagona munthu wina wamtali, wopyapyala, wopanda maso. Ameneyu ndani, ndipo anamutani?

Zonsezi ndingakhululuke. Khutu limodzi limamva, ndipo ine si munthu woti ndiziwerengera anzanga ziwalo. Koma tebulo, Mzime. Miyendo itatu, umodzi waufupi, pamwamba pake popendekeka ngati panakhala njovu. Munthu uyu ukuti ndi kalipentala?

Ndine mlamu wanu tsopano, achimwene anu apita kukamwa madzi. Musawamvere. Ine ndaona ndi maso anga, bamboyo ndi wooneka bwino, ndipo nyangayo ndi pholo la magetsi. Ndawauza koma akuti pholo silimera pamutu. Abwera.

Ndinenso. Alamu ako amati zonse zikuoneka poyera, ndiye ndinawamanga mpango kumaso, n'kuwapatsa katoniyo nditaizondotsa. Anapapasa, anapapasanso, n'kunena kuti ndawasinthira, ndawapatsa ketulo. Lemba zimenezo, mayi, usadumphe. Zitamveka mumsewu muno, anthu ayamba kubwera. Anesi a khomo lachitatu anatsinzina n'kunena kuti ndi mapu. Otsogolera kwaya anati ndi tambala. Ogulitsa makala anati ndi njinga yochita ngozi. Anthu amaso onsewa, palibe anapeza munthu. Ine ndekha ndi amene ndinapeza munthu, ngakhale wanyanga.

Mphuno yake inagwa Lachiwiri chifukwa cha kuchuluka kwa alendo. Alamu ako anaimatanso, koma ndikuona ngati yatsika.

Yankho langa pakadali pano ndi lakuti ayi kaye.

Achimwene ako


24 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira muli bwino. Ine kalata yanu ndinaiwerengera kuseri kwa makina a fotokope, ndipo misozi inagwera pa satifiketi ya munthu. Ndinaumitsa ndi mpango, mwiniwake sanadziwe, koma Mulungu anaona.

Za nyanga musanenenso, ngakhale mocheza. Mukudziwa amene amakhala ndi nyanga, ndipo bamboyu ndi wosunga makiyi a tchalitchi.

Ndikufotokozereni. Khutu linalo lilipo, kungoti pojambulidwa anatembenuka pang'ono, ndiye linabisika kuseri kwa mutu. Dzanja lakula chifukwa analitambasulira kwa wojambula, amamuuza kuti adikire kaye. Chitseko chachepa chifukwa chili kumbuyo. Maso amatero, Achimwene: chinthu chikakhala pafupi chimakula, chikakhala kutali chimachepa. Wogona pansiyo si munthu, ndi chithunzithunzi chawo, dzuwa linali litapendeka. Ndipo tebulo lili ndi miyendo inayi yofanana. Wachinayiwo uli kuseri kwa unzake. Ndinapita dala kukaligwedeza iwo atatuluka, silinagwedere.

Ndiulule kuti poyamba ndinakwiya nanu. Kenako ndinamata ulusi pa katoni ina mofanana ndi yoyambayo, ndinatsinzina, n'kuyendetsapo chala. Achimwene, ndinasochera. Chala chimaona kachidutswa kamodzi pa nthawi, ndipo pofika kuphewa ndinali nditaiwala kumene ndinasiya chibwano. Pamene mizere iwiri yakumana sindinadziwe woti nditsate. Munthu amene ndimamuona tsiku lililonse, ndinamutaya pa katoni yanga yomwe. Alamu, za ketulo ndakumvetsani.

Choncho ndatumiza chithunzi chachiwiri. Ichi sindinatsate kaboni, ndajambula ndekha. Ayang'ana kutsogolo, makutu onse ali panja, manja ali m'mbali, zala khumi, muwerenge. Ndachotsa pholo, tebulo ndi dzuwa. Chonde musachipereke kwa ogulitsa makala.

Ndikudikira ndi mtima uli m'mwamba.

Mzime


6 Epulo

Iwe Mzime,

Tadzuka, kaya iwe.

Ukuti chinthu chikapita kutali chimachepa. Ndiye iweyo, chichokereni pakhomo pano, watsala bwanji? Tikakuyendera tidzakupeze m'bokosi la machesi? Ndinaseka tsiku lonse. Koma madzulo ndili pakhonde ndikuluka, ndinamva galimoto ya zinyalala ikupita, phokoso lake likuchepa mpaka linafanana ndi udzudzu. Ndiye ndinati mwina maso nawo ali ndi matenda omwewo. Ndavomera, ngakhale ndikukumverani chisoni. Tebulo lako lenilenilo ukulidziwa kuti lili ndi miyendo inayi, koma maso akakuuza itatu iwe ujambula itatu.

Munthu wachiwiriyu ndiye munthu. Makutu awiri, zala khumi, ndawerenga kawiri. Mapewa otambalala, mimba yolowa m'kati ngati wothamanga mpikisano. Ndipo tsitsi, Mzime. Tsitsi lofewa, lambiri, chala chimachita kumira. Ndamukhoma pakhoma pafupi ndi wailesi, ndipo ndikamadutsa ndimamusisita pamutu.

Uyu ndamuvomera. Kauze abusa.

Ndine mlamu wanu. Ndakondwa nanu, ndipo diresi musasankhe ndisanabwere. Koma ndili ndi dandaulo. Achimwene anu nkhani ya ketulo aifikitsa mpaka kukwaya. Lamlungu ndikulowa m'tchalitchi, amayi ena anandinong'oneza kuti, "Mwawira bwanji, Mayi Ketulo?" Kumsika ogulitsa mazira akundiitana chomwecho. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikuwerengera bambo awa makalata, ndikuwalembera, ndikuwauza kuti malaya avala chozondoka, malipiro ake ndi amenewa. Ndawachenjeza kuti akangonenanso kamodzi, cholembera ndiika pansi. Pano akufunsa kuti ndikulemba chiyani nthawi yonseyi. Ndawauza kuti ndikukongoletsa siginecha yawo.

Achimwene ako ndi alamu ako


13 Epulo

Okondedwa Achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye, ngakhale lero sindikuyenera kutchula dzinalo. Muli bwanji? Ine sindili bwino.

Kalata yanu itafika ndinathamangira kwa abusa, ndipo anati ayamba kulengeza ukwati Lamlungu likudzali. Ndinasangalala masiku awiri. Ndiye lero m'mawa abusa omwewo analalikira za mnyamata uja amene ananamiza bambo ake osaona, atavala ubweya wa mbuzi m'manja kuti alandire madalitso. Achimwene, abusa sanandiyang'ane, koma benchi inatentha.

Tsitsi lija mukulisisita ndi ulusi wa juzi yanga yakale. A kalipentala ali ndi dazi. Si dazi loyamba kumene, ndi dazi lomaliza, lochokera pamphumi mpaka pakhosi, ndipo masana limawala. Pa chithunzi choyamba munalibe tsitsi, koma inu munatanganidwa ndi nyanga, simunazindikire.

Mimbanso ndinaichepetsa. Ndinayamba ndaijambula mmene ilili, koma nditaiona ndinati Achimwene adzati munthuyu wameza beseni. Ndinamatula ulusiwo n'kuulowetsa m'kati. Kenako ndinaulowetsanso. Ulusi umene unatsala ndinaonjezera mapewa.

Ndiye munthu amene mwamuvomerayo kulibe. Ali pakhoma panu pokhapo. Weniweniyo ndi wamfupi, wonenepa, akamaseka amagwira tebulo, ndipo mvula ikagwa amabwera kudzaika thabwa pamatope a pakhomo pa shopu yathu kuti ndisadetse nsapato. Ameneyo simunamuvomere, ndipo iye sakudziwa chilichonse cha zimenezi.

Satana anandipatsa nzeru yoti tikadzabwera kumeneko adzavale chipewa ndipo adzakoke mpweya pamene mukumupapasa kumaso ndi pamimba. Ndinafika poyeza chipewacho. Koma munthu angakoke mpweya zaka zingati?

Ndikhululukireni, ndipo mundiyankhenso mwatsopano. Mukati ayi, ndimva.

Mlongo wanu wochimwa,
Mzime


3 Meyi

Achimwene,

Moni. Milungu itatu yatha popanda liwu lanu. Tsiku lililonse ndimafunsa wa makalata mpaka wayamba kudutsira tsidya lina la msewu.

Dzulo envelopu yafika. Adiresi yalembedwa ndi dzanja lachilendo, osati la alamu. M'kati mulibe kalata, mulibe moni, muli katoni yokha yobooledwa timabowo ndi msomali. Ndazindikira kuti ndi ntchito ya manja anu, chifukwa timabowoto tatalikirana mofanana ngati asilikali.

Ndaiyang'ana usana wonse. Pakati pali bokosi lalitali. Pa ngodya zake zinayi patuluka timitengo, tiwiri tolozera uku, tiwiri uko. Kumtunda kuli bokosi lina lotseguka ngati chivundikiro. Ndinaionetsa abwana osanena kumene yachokera, anati ndi mbuzi yopondedwa ndi lole. Mayi wosesa anaigwira, n'kuibweza msanga, n'kupukuta manja. Tonse awiri tinaona chimodzimodzi. Ndi bokosi la maliro, zogwirira zinayi, chivundikiro chotsegula.

Ndamva, Achimwene. Mukuti kwa inu ndafa. Kapena mukuti ukwatiwu ndiwo wafa. Kapena mukundikumbutsa amayi, kuti akanakhala moyo sakanalera mwana womata tsitsi labodza. Zonse zitatu ndazilandira.

Ndapita kwa abusa kukaimitsa kulengeza. Anali atalengeza kale kawiri, ndipo amayi a mpingo anali atayamba kugawana ntchito. Abusa anandifunsa ngati pali tchimo lalikulu. Ndinati lilipo. Anafunsa kuti ndi ndani. Ndinati ndi juzi. Anavula magalasi n'kundiuza kuti ndipite ndikagone.

Ndayamba kusala kudya. Lachitatu ndikawauza a kalipentala kuti zatha.

Alamu, ngati mukuwerenga, nenani kanthu inuyo.

Mzime


10 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Moni m'dzina la Ambuye. Sindikudziwa ngati mukufunanso makalata anga, koma pachitika zinthu ndipo mutu wanga wabalalika.

Ndinapita kushedi monga ndinanenera. Ndinawapeza akupala thabwa, utuchi uli mbuu pa dazi ponse. Ndinaima pakhomo n'kuulula zonse kuyambira pa guluu wa abwana. Nditafika pa tsitsi anazimitsa makina.

"Lochuluka bwanji?" anafunsa.

Ndinati lofika m'makutu.

"Lopotana?"

Ndinati juziyo inali yopotana.

Anagwira tebulo n'kuyamba kuseka, mpaka misomali inagwa m'chitini. Atapuma anati, "Mayi, tsitsi limenelo ndinalisiya ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu. Mukadzapita kwanu mudzandibweretsere, ndilioneko."

Ndinawauza kuti si zoseka, n'kuwapatsa katoni yanu. Anaiyang'ana, anaitembenuza, anakwinya nkhope. Ndinati mwaona, ndi bokosi. Anati, "Mwiniwake sanaipange ndi maso, nanga ife tikuifunsiranji ndi maso?" Anapukuta manja pa ovololo, anaiika pa tebulo mbali yokhakhala ili pamwamba, n'kutsinzina. Dzanja limodzi analisiya pakati, linalo likuyenda. Milomo ikuwerenga. Ine ndili chiimire, njala ikundizunguza mutu.

Kenako anati, "Uwu ndi mpando."

Ndinati mpando wanji wogona chagada miyendo ili balala.

Anati, "Pokhala ndi apa. Miyendo inayi, yonse yofanana, iliyonse pa ngodya yake. Chimene mukuti chivundikirochi ndi chotsamira. Achimwene anu sanabise kanthu kuseri kwa kanzake, anautambasula wonse kuti chilichonse chigwirike. Ifenso tikamalemba thabwa tisanadule timatere. Ndipo taonani kutalika kwake, si wa munthu mmodzi. Ndi wa awiri."

Anatenga tepi n'kuyeza timabowo, n'kupeza kuti tikuimira zikhatho. Akuti m'mphepete mwaikamo mabowo awiriawiri moyandikana, modutsa chingwe cholukira. Akuti mukufuna felemu, kuti inu mudzaluke. Asankha kale matabwa, ndipo akuimba nyimbo.

Koma ine ndikuopa kusangalala, ndinasangalalapo kale mu Epulo. Achimwene, kodi mpandowu ndi yankho la kalata yanga ya kuulula? Ndipo funso la a kalipentala ndi ili: akuti muyeso mwaikawo, akakhalapo iwo, ine ndidzakhala pati?

Ndinadya nthochi ziwiri kushedi komweko. Kusalako ndinalonjeza masiku asanu ndi awiri, ndalekezera pa anayi. Nazonso ndaulula.

Mzime


18 Meyi

Mlamu wanga wokondedwa,

Ndiyambe ine, chifukwa mlandu waukulu ndi wanga. Tili bwino, koma ndili ndi manyazi.

Paja ndinanena kuti akangotchulanso ketulo ndiika cholembera pansi. Anatchula, pamaso pa abusa, pa chakudya. Ndiye ndinanyanyala. Kuphika ndimaphika, kuchapa ndimachapa, koma kuwerenga ndi kulemba ndinati afunse ketuloyo. Makalata anu atatu onse anali pansi pa wailesi, osatsegula. Ndimati muli nkhani za diresi. Achimwene anu anakana kupita nawo kwa anesi, akuti za m'banja siziwerengedwa ndi khomo lachitatu, ndipo kupepesa anakananso. Katoni ija anaboola okha ataona kuti alibe mlembi, adiresi anakalembetsa kupositi. Dzulo apepesa, monyinyirika, ndipo ndawawerengera onse atatu motsatizana. Pa kalata ya bokosi la maliro ndinalira. Iwo anatsamwa ndi tiyi. Nawa.

Iwe Mzime,

Mphatso yanga ya ukwati ukuitcha bokosi la maliro? Zaka makumi atatu ndikuluka mipando, ndajambula umodzi wokha, ndipo mlongo wanga wauika m'manda.

Za tsitsi. Ukuganiza kuti zala izi sizidziwa ulusi wa juzi? Ndinaudziwa tsiku lomwelo, ndi juzi ija unkaivala pa mayeso, inali kununkhirabe sopo wako. Kuti pansi pake pali dazi sindinadziwe, koma sindinafunsenso. Chimene ndinapapasa ine ndi chakuti unadula ulusiwo tizidutswa, n'kumata kamodzikamodzi, mutu wonse, popanda guluu wotayikira. Munthu sachita zimenezo pa mutu wa munthu amene sakumufuna. Ndinavomera pamenepo. Bodza ndi bodza ndithu, ndipo ndakukhululukira, koma usadzachepetsenso munthu wako chifukwa cha ine.

Chinanso, anakuuza ndani kuti ndimapapasa alendo kumaso? Unakula m'nyumba mwanga, unandionapo ndikugwira mphuno ya munthu? Mlamu wangayo akadzabwera adzandipatse moni, adzakhale pansi, tidzacheze. Mimba yake ndidzaimva mpando ukalira.

Ndipo umuuze kuti mumsewu muno katoni ija isanapite ndinaionetsa anthu asanu ndi mmodzi amaso. Otsogolera kwaya anatinso ndi tambala. Munthu woyamba kupeza mpando wanga ndi wadazi wakoyo. Ameneyo ndamuvomera, weniweniyo, ndi mimba yake yomwe. Wa pakhomayu ndamutsitsa, alamu ako akuti aziikapo mapoto otentha.

Muyeso uja ndinayezera munthu wa pakatoni. Aonjezere zikhatho zitatu mbali yake, ndipo thabwa la pansi likhale lochindikala. Mbali yako asiye momwemo, bola uyambe kudya.

Pita kwa abusa mawa, ukawauze apitirize pamene analekera. Usakaululenso kanthu, angatope nawe. Ukatero utilembere tsiku, chifukwa chingwe cha mpando wotere chimafuna kuviika msanga.

Achimwene ako